Bambo Lam si nkhosa

Lachiwiri lapitali, kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira unamwino kuno ku Hamilton, agogo ena anakana kulowa m'chipinda chawo.

Anali atangofika kumene. Mwana wawo wamkazi ndiye anawabweretsa kuchokera ku Toronto, sutikesi imodzi ndi ndodo. Kwawo ndi ku China, koma dziko lino analilowa akadali achinyamata, ndipo mphamvu zawo zonse zinathera pa kuchapa ndi kusita zovala za anthu. Atafika pa chitseko anaima, nayang'anitsitsa kachikwangwani ka dzina, kenako anakakhala pa mpando wa m'khonde. Chikhoti sanavule. Tiyi anakana. Ngakhale mankhwala a shuga anawakananso.

"Agogo, chavuta n'chiyani?" ndinawafunsa.

"Chipinda ichi n'cha munthu wina," anayankha m'Chingerezi chodukaduka. "Ine si nkhosa."

Dzina lawo ndi Lam. Wa ku ofesi anawonjezera chilembo chimodzi n'kulemba Lamb, kumene kuli kunena kuti mwana wa nkhosa. Namwino mnzanga anaseka, nati kaya chilembocho chilipo kaya palibe, katchulidwe n'kamodzi. Mwana wawo uja, manyazi atamugwira, anawanyengerera kuti alowe kaye, zinazo tikonza mawa. Iwo anangopukusa mutu.

Ndinakhala pambali pawo. Kunja kunali chisanu choopsa, ndipo galasi la zenera linali litachita nthunzi. Agogowo anatambasula chala najambulapo kachilembo ka kwawo kokhala ngati mtengo wa nthambi zogwera pansi. Pambali pake anajambulanso kena kofanana nako.

"Umodzi, mtengo," anatero. "Iwiri, nkhalango. Lam."

Apa anayamba kulankhula m'chinenero chawo, mwana wawo akumasulira, poyamba mokakamizika, kenako mawu ake anafewa.

Akuti kalekale, zaka pafupifupi zikwi zitatu zapitazo, ku China kunali mfumu yankhanza. Nduna zonse zinkangowomba m'manja, kupatula imodzi, imene inalinso mbale wa mfumuyo. Iyo inapita kukamuuza pamaso kuti anthu akuzunzika. Mfumu inati ikufuna ione mtima wa munthu wanzeru chotere, ndipo inalamula kuti amutumbule pachifuwa. Mkazi wa ndunayo anali ndi pakati. Anathawira m'nkhalango, ndipo mwana wamwamuna anabadwira komweko. Ufumu wankhanza uja utagwa, mfumu yatsopano inafunafuna mwanayo, ndipo itamupeza inamutcha dzina la malo amene anamubisa.

Ife ochokera kumene tinachokeraku, nkhani ya munthu wophedwa chifukwa chonena zoona sitifuna wotimasulira.

Zidzukulu za mwana wa m'nkhalango uja zinafalikira mpaka kummwera, kugombe, kenako kutsidya kwa nyanja. Dzinalo ena amalitchula Lin, ena Lim, kwawo kwa agogowa amati Lam. Mkulu wawo wa agogowa atatsika m'sitima ya pamadzi, mlembi wa padoko anamulemba Lum, ndipo wagona m'manda ndi dzina limenelo.

"Lam, Lum, zonsezo azungu akuyesa kutchula mitengo iwiri," anatero agogowo. "Zimenezo ndimalola. Koma nkhosa imadya mitengo ikamaphuka."

Mwana wawo anapukuta m'maso. Anandinong'oneza kuti nkhaniyi waimva kuyambira ali wakhanda, koma aka kanali koyamba kuinena ndi pakamwa pake.

Ndinatenga pulasitala m'thumba la yunifomu n'kumata pa chilembo cholakwika chija. Agogowo ndinawapatsa cholembera, ndipo anajambula mitengo yawo iwiri pansi pa dzinalo. Atatero anavula chikhoti, nalowa, namwa mankhwala ngati palibe chimene chinachitika.

Kodi nkhani ya nduna ija inachitikadi ndendende momwemo? Sindikudziwa. Chimene ndinaona n'chakuti munthu amene wasiya nyumba yake, ntchito yake, ndipo miyendo ikumukana, anali ndi chinthu chimodzi chimene sanalole kuti munthu achipotoze. Anawoloka nacho nyanja. Anasita nacho malaya a anthu amene sankamupatsa n'komwe moni. Nthawi yonseyo ankadziwa kuti iye ndi mdzukulu wa munthu amene anaima pamaso pa mfumu osanjenjemera.

Ndikutuluka, agogowo anagwira kabaji ka dzina ka pachifuwa panga. "Nanga lanuli?"

"Phiri," ndinatero, ndipo ndinakweza dzanja kuwaonetsa chimene likutanthauza.

Nkhope yawo inawala. "Ndiye ndife oyandikana! Nkhalango imamera pa phiri." Kenako anafunsa kuti woyamba kutchedwa Phiri anali yani, ndipo anachita chiyani.

Ndinawauza kochepa kamene ndikudziwa: kuti pa ulendo wa makolo athu, amene anagona pamwamba pa phiri anatchedwa a Phiri, ndipo amene anamanga misasa m'munsi mwake anatchedwa a Banda. Nkhani yanga inathera pomwepo. Iwo anadikirabe, akuyesa kuti ndikungopuma.

Abale anga, tiyeni tiuzane zoona. Pano pantchito amandiitana "Firi", ndipo ndimayankha. Tikakumana Amalawi ku North York, dera la mu Toronto, pa Sabata timaseka za zimenezi. Bambo wina wa kwa Nkhoma anasanduka "Koma". Mayi wina wa kwa Mbewe anandiuza kuti, "Ine ndinasiya kuwakolekita, n'kungotaya nthawi." Ana athu obadwira kuno ukawafunsa mfunda wawo, amakuyang'ana ngati wawafunsa njira ya ku mwezi, n'kukuyankha m'Chingerezi.

Sindikuti tizikana mankhwala. Koma akuluakulu amene amadziwa chiyambi cha a Mwale, a Kwenda ndi a Mbewe alipo kumudzi, ndipo sakhala mpaka kalekale. Tikalankhula nawo timafunsa za mvula ndi za maliro. Za mfunda timati tidzafunsa tikadzapita.

Tsiku lina ifenso tidzakalambira kuno, ndipo adzatisamalira ana a anthu ena. Akadzatifunsa kuti dzina lathu linachokera kuti, ndani adzakhale pambali pathu kuti afotokoze, ndipo adzafotokoza chiyani?