Tawulo Lopachikidwa Lisiyidwe

Azakhali anga sakhulupirira munthu womwetulira. Amati wokusekerera amakhala atasankha kale pokuluma. Anayamba kuchapa pa hotela ya m'mphepete mwa nkhalango ali mtsikana, mpaka anzawo anawapatsa dzina loti Athovu. Manja awo ndi okhakhala ngati mwala wochapirapo, ndipo ndi manja omwewo amene anatilera bambo athu atamwalira.

Tsono kunabwera mayi wina wa ku yunivesite, wofufuza za kasamalidwe ka madzi m'malo ofikira alendo. Anafika akumwetulira. Anafotokoza kuti chitsime cha hotela chikuphwa, ndipo kafukufuku wake wasonyeza kuti alendo ambiri sadandaula kudzipukutira tawulo limodzi kawiri. Bwana wa hotelayo anaika lamulo: tawulo lopachikidwa lisiyidwe, logwetsedwa pansi lichapidwe. Pa paipi ya kochapira anamangapo mita yoyezera madzi.

Ine ndimakonza zipinda pa hotela yomweyo, ndiye azakhali anandipanikiza m'khonde.

"Iwe, wamva? Matawulo akachepa, wochapa adya chiyani? Akufuna andichotse mwaulemu amenewa."

"Ayi azakhali, akuti n'za madzi basi."

"Madzi! Madziwo anayamba liti kukhala ndi abale ku yunivesite?"

Anayamba kundilondola m'zipinda. Ndikangowerama kuti ndiyale bedi, iwo ankatsomphola tawulo lopachikidwa n'kuliponya m'dengu. Ndinachonderera, ndinakalipa, koma anali madzi pamsana pa bakha. Zingwe zoyanikira zinkadzaza kuposa kale. Bwana akamadutsa, azakhali ankakung'untha nsalu mwamphamvu kuti aone kuti ntchito yachuluka ndipo mwini wake alipo.

Wofufuza uja atabweranso anawerenga mita, kumwetulira konse n'kutha. Anafunsa alendo, iwo anati amapachika ndithu. Ndiye anauza bwana kuti vuto liyenera kukhala kuchapa pamanja, poti madzi akupita chimodzimodzi ngakhale zochapa zachepa. Pasanapite nthawi galimoto inatsitsa makina ochapira, oyera mbee, ndipo azakhali anaitanidwa ku ofesi n'kuuzidwa mwaulemu kuti akapume.

Ndinawapeza kochapira akupinda epuloni yawo bwinobwino. Ine misozi ili mbwembwembwe, osadziwa kuti ndikwiyire ndani. Iwo anandiyang'ana monyadira ngati apambana mlandu.

"Ndinanena ine," anatero. "Suja unkati n'za madzi basi?"