A Rex ndi zipinda zogona za eni

A Rex Chitedze anatsika padenga chifukwa cha bondo. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankaika mapanelo a sola panyumba za kumpoto kwa Dublin, kuyambira ku Swords mpaka ku Balbriggan kumene amakhala, ndipo ntchitoyo ankaikonda. Padenga palibe wokufunsa kuti unachokera kuti. Mwini nyumba amakupatsira tiyi pakhomo, iwe n'kukwera, basi. Koma atakwanitsa zaka 56, bondo lakumanja linayamba kukana makwerero. Dokotala sanawanyengerere. Anawauza kuti akapitiriza adzayendera ndodo asanafike papenshoni.

Anzawo amene ankayenda nawo pavani ya kuntchito ndiwo anawauza za maphunziro oyeza nyumba. Kuno munthu sagulitsa nyumba kapena kuiika pa lendi popanda satifiketi ya BER, kapepala konena ngati nyumbayo imasunga kutentha kapena imangokutaya. Woyeza sakwera padenga. A Rex anali a zamagetsi ku Blantyre asanabwere kudzapempha malo mu 2008, choncho sukulu sinawavute, anakhoza mayeso ulendo woyamba. Aphunzitsi ankati munthu wa sola nyumba amaidziwa kale. A Rex ankaidziwadi, koma kunja kwake.

Woyeza amalowa m'chipinda chilichonse. Amayeza makoma ndi mawindo, amawerenga zotenthetsera, amajambula zithunzi, amasuzumira ndi musiling'i momwe. Apa ndiye panali nkhani. A Rex analeredwa kuti mwamuna salowa kuchipinda kwa mwamuna mnzake, ndipo lamulo limeneli linawalowa m'mafupa. Ngakhale kuchipinda kwa mwana wawo Tisungane anasiya kulowako tsiku limene anatha msinkhu. Babu likapsa kumeneko, wa zamagetsi wa m'nyumbamo ankaima pakhonde la m'kati n'kumalangiza akazi awo mmene asinthire.

Akazi awowo, a Ursula, amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndiye zimenezi zinkangowaseketsa.

"Ine ndimasambitsa azigogo a eni Monday mpaka Friday. Inu bambo a Tisu kuyeza windo lokha thukuta kamukamu?"

"Zako n'zachipatala," ankayankha a Rex.

Anapeza njira yawo. Ankaima pakhomo la chipinda chogona, n'kulozetsa kachida koyezera kukhoma lakutsogolo, zotsalazo n'kumaganizira. Nyumba zambiri za kuno zimafanana, ndiye kwa miyezi isanu ndi itatu zinayenda. Kenako ofesi yoyang'anira oyeza inasankha nyumba ina ya ku Swords kuti ionenso ntchito yawo. Kuseri kwa chitseko cha chipinda chachikulu kunali windo lina lalitali limene a Rex sanalione, ndipo theka la chipindacho linali pamwamba pa galaja yozizira. Satifiketi inali yolakwika. Kalata imene inabwera inali yaulemu, koma yomveka bwino: akadzalumphanso chipinda, adzaimitsidwa ntchito.

Kubwerera padenga sakanatha. Kuyambira pamenepo anayamba kulowa, koma mwa njira yawoyawo. Ankavula nsapato, n'kunena kuti "odi" kuchipinda chopanda munthu, n'kulowa maso ali kukhoma. Mayi wina wa ku Skerries anawasiya okha kwa kanthawi poganiza kuti akupemphera. Pang'onopang'ono anazolowera, poti eni nyumbazo anali alendo oti sadzakumana nawonso.

Mwezi wa Febuluwale a Kebby anawapempha kuti akawayezere nyumba, chifukwa ankafuna kusintha boyila yotenthetsera nyumba, ndipo thandizo la boma pa zimenezi limafuna satifiketi. A Kebby ndi a ku Chipata, amagwira zachitetezo kubwalo la ndege, ndipo ndi mkulu wa mpingo umene onsewa amapemphera pafupi ndi Parnell Street. Iwo ndi akazi awo a Dainess ndiwo amalangiza maanja kumpingoko. Ukwati ukagwedezeka, anthu amathamangira kwa a Kebby. Kwa zaka khumi ndi zisanu a Rex ndi a Kebby ankakwerera limodzi sitima Lamlungu lililonse, n'kukakhala benchi imodzi.

Tsikulo a Kebby anali kuntchito. A Dainess anawalandira, ndipo a Rex anayeza pansi ponse bwinobwino. Atafika pamasitepe anaima. Iyi sinali nyumba ya mlendo. Anatulutsa foni kuti apemphe chilolezo kwa mwini wake.

"Akulu, ndafika pa stairs. Mundilole ndikwere."

"Ah, ba Rex, kumwamba musavutike," anatero a Kebby. "Ma room yonse ni same size na ya pansi. Lembani chabe. Si ndimwe wathu?"

"Sizitheka, akulu. Ndili pa warning. Akandigwiranso ndiye ntchito yatha."

"Koma imwe simungena mu bedroom ya munthu. Aliyense aziba."

Apa m'pamene a Rex anazindikira chifukwa chake anaitanidwa iwo, pamene oyeza ali mbwee mu Balbriggan. A Kebby sanafune katswiri. Anafuna munthu amene ankadziwika kuti amathera pakhomo. Zinawapweteka, komanso anachita mantha, chifukwa mnzawoyo anali asanawapemphepo kanthu chiyambire.

A Dainess anamva zonse ali chiimire m'khitchini. Anapukuta manja pang'onopang'ono.

"Kwelani, ba Rex. Gwilani nchito yanu."

A Rex anadula foni, navula nsapato, nakwera.

M'chipinda chachikulu anayesetsa kuyang'ana makoma okha, koma woyeza amayenera kuyenda mpaka kuwindo. Pabedi panali pilo mmodzi. Wadirobu inali yotsegula, mbali imodzi mopanda kanthu. Kachipinda kakumapeto, kamene alendo ankauzidwa kuti n'kosungiramo katundu, kanali ndi loko wakewake, makiyi ali pomwepo. M'katimo munali matiresi pansi, yunifomu ya kubwalo la ndege itapachikidwa pamsomali, nsapato zitandandalikidwa, Baibulo, ketulo ndi mbale imodzi. Kapeti inali itaperepeseka kuyambira pamatiresi mpaka pakhomo. Sizinali za mkangano wa sabata yatha.

Pojambula zithunzi anakweza foni m'mwamba kuti muoneke windo ndi chotenthetsera basi. Anayeza, nalemba, natseka chitseko monga anachipezera.

Pansi anapeza tiyi atathiridwa kale. A Dainess sanawayang'ane.

"Mwaona vonse?"

"Ndayeza zonse, amayi. Satifiketi ituluka Friday."

"Five years," anatero a Dainess, akuyang'anabe kapu. A Rex ananyamula kapu yawo. Anamwa tiyi yense ngakhale anali wotentha, nathokoza, natuluka.

Satifiketi inatuluka yopanda cholakwika. A Rex sanauze munthu zimene anaona, ngakhale a Ursula, amene anafunsa kawiri kuti kwa a Kebby kumwamba n'kokongola bwanji. Ntchito akugwirabe mpaka lero, ndipo bondo linasiya kutupa. Kungoti munthu wa kumpingo akawapempha kuti amuyezere nyumba, amamupatsa nambala ya woyeza mnzawo wa ku Drogheda.

Lamlungu lotsatira atayeza nyumba ija, a Rex anafika pasiteshoni nthawi yake, sitima n'kubwera, n'kupita, a Kebby osaoneka. Anadikira yachiwiri, nakwera okha. Kutchalitchi anawapeza atafika kale, ataima pakhomo ndi a Dainess, akulandira anthu monga mwa masiku onse. A Kebby anawapatsa moni wa manja awiri, atawerama pang'ono, monga amachitira ndi mlendo wobwera koyamba.

"Mwalandilidwa, Mr Chitedze," anatero, naitana wothandiza kuti awapezere pokhala.