Mzere wa a Kowald

A Des Kowald analima tirigu zaka makumi anayi kuno kudera la Mallee, kuseri kwa mpanda wanga wa waya. Akazi awo atamwalira, munthu uja anangoti zii. Ukawapatsa moni ankangogwira chipewa.

Nthawi imeneyo namsongole anali atasiya kumva mankhwala. Upopere kawiri, katatu, iye ali chiimire. Munda unali kale m'manja mwa mwana wawo Raelene, yemwe ankafuna kuti bambo ake akapume kunyumba za okalamba m'tauni.

Tsiku lina ndinawapeza akusesa masamba pansi pa bulugamu.

"Achimwene, mwayamba kusesa tchire tsopano?"

"Taona pansipa," anatero. "Pamera chiyani?"

Panalibe kanthu. Moyo wanga wonse ndakhala ndikupuma pansi pa mitengo imeneyi osadzifunsa, chitsiru ine.

Masambawo anawaviika m'dibi lakale losambitsiramo nkhosa mpaka madzi anada ngati tiyi wopanda mkaka. Raelene anawapatsa mzere umodzi m'mbali mwa waya kuti ayesere kupha namsongole ndi madziwo.

"Ababa, zikakanika mundipatsa makiyi a thirakitala, tipite kutauni. Tamvana?"

Anavomera ndi mutu.

Mvula ya mu Meyi, yomwe kuno timafesera tirigu, itagwa anafesa. Kenaka manja anachita zimene anazolowera zaka zonsezo: kupopera madzi aja nthawi yomweyo, mbewu ili kale m'nthaka. Mankhwala amene ankagula aja ankasankha, kupha udzu n'kusiya tirigu. Madzi a bulugamu alibe nazo zimenezo.

Patatha milungu itatu munda wonse unabiriwira, tirigu ndi namsongole pamodzi. Mzere wa a Des unali mbuu, dothi lokhalokha. Raelene analira. Ine ndinapsa mtima mpaka kutukwana mitengo yosalakwa. Eniake ayi ndithu. Anayenda mzere wonse manja kumbuyo, n'kubwerera.

"Namsongole palibe ndi mmodzi yemwe," anatero.

"Ababa, tirigunso palibe."

"Eya. Ndaona."

Anapisa m'thumba n'kupereka makiyi aja.

Ndimakawaona Loweruka lililonse kunyumba za okalamba kuja. Amakhala pakhonde, kuyang'ana bwalo la simenti. Chaka chino ndinawauza kuti Raelene waviika yekha masamba m'dibi muja, ndipo adzapopera kukali mwezi wathunthu asanafese. Ndinkati mwina nkhope isintha.

"Wachita bwino," anatero, maso ali pasimenti pomwepo. Kenaka anandifunsa ngati lero ndi Loweruka.