Kaliyala ndi Lamba wa Pachifuwa

Kaliyala ndi mlamu wanga. Anakwatira mlongo wanga, malemu tsopano. Tinagwira ntchito pa bekale imodzi kuyambira tili anyamata mpaka imvi: ine pa uvuni, iye pa njinga, kuperekera buledi m'magolosale. Dzinali tinamupatsa chifukwa cha kaliyala wa njinga yakeyo. Anakawotcheretsa yekha, wotambalala ngati chitseko.

Ankafika m'mamawa, n'kusanja makireti mpaka kupitirira mutu wake, n'kumanga ndi malegeni. Ukamuona chakumbuyo sunkaona munthu, unkangoona mulu wa buledi ukuyenda wokha. Mvula ikagwa ankafunditsa buledi chipepala cha pulasitiki, iye n'kumanyowa. Sanadwalepo, kapena ankadwala osanena.

Kudya ankadya. Buledi wathunthu, wotentha, ankamung'amba pakati, kupakamo majarini ndi chala, n'kutsitsira tiyi wa shuga wambiri m'chikapu chachitsulo. Akabwerako ulendo woyamba, wina. Koma anali wowonda ngati sipoko. Mlongo wanga ankadandaula kuti, "Anthu aziti sindikuphikirani." Njinga inkadya zonse.

Kenako eni bekale anagula mavani. A njinga anawauza zikomo, n'kuwasiyira njingazo ngati mphatso. Kaliyala anapita nayo kunyumba yake. Ankaikwerabe popita kumsika ndi kukaona anzake, koma yopanda katundu, ndiponso mwa apo ndi apo. Mkazi wake atamwalira ndiye anakhaliratu pansi. Miyendo inapuma, pakamwa sipanapume. Mimba inayamba kutsogola.

Tsiku lina anachita chizungulire ali pa njinga, n'kugwera m'ngalande pafupi ndi geti lake. Sanathyoke paliponse. Kuchipatala dokotala anati magazi akuthamanga, thupi lachuluka, shuga ali pakhomo. Anati kupalasa njinga n'kwabwino, asasiye, koma mtima usamagunde kupitirira malire, ndipo anamuuza nambala yake. Anatinso chakudya chichepe.

Mwana wake woyamba ndi wamkazi, ndiye amakhala naye. Bambo akewo amamutcha Kapitawo, ndipo dzinalo silinaphonye. Atangobwerako kuchipatala anagula tcheni ndi loko, n'kumangirira njinga ku chipilala cha pakhonde. Kiyi anaika m'chikwama chake cha kuntchito.

"Ababa, malire aja muziwadziwa bwanji muli pamsewu?"

"Mtima ndi wanga. Ndimaumva."

"Munaumva tsiku munagwera m'ngalande lija?"

"Unali mwala."

"Mwala wake ndi umene uli m'malayamo."

Anagwirizana chonchi: agule kachipangizo koyeza kugunda kwa mtima, azikavala popalasa, ndipo akadzapitanso ku sikelo ya kuchipatala thupi likhale litatsika. Zikakanika, njinga igulitsidwa. Kwa wina ndi chitsulo chakale. Kwa Kaliyala msika, anzake otsala, manda a mkazi wake, zonse zili pa mtunda wa njinga. Popanda iyo dziko lake lathera pa geti.

Tsiku lokagula Kapitawo anali ku ntchito, ndiye anatuma ine. "Amalume, mupite nawo. Akapita okha akagula wailesi."

Inali sitolo ya zamasewera: nsapato, mipira, zitsulo zonyamula. Wogulitsa anali mayi wosazungulira polankhula. Anaika zinthu ziwiri pa tebulo. Choyamba chinali wotchi. Kuseri kwake kuli kagetsi kobiriwira kamene kamawerenga kayendedwe ka magazi kudzera pakhungu. Chachiwiri chinali lamba wotanuka womanga pachifuwa, m'kati mwa malaya, ali ndi kabokosi kochepera ka machesi. Ameneyo amamva mtima weniweniwo, n'kutumiza nambala ku foni kapena ku wotchi.

"Mumachita masewera anji, bambo?"

"Sindisewera ine. Ndimapalasa njinga."

"Misewu yake?"

"Yokumbika."

"Ndiye lambayu ndi amene angakuuzeni zoona. Wotchi imasokonezeka dzanja likamanjenjemera pa handulo."

Kaliyala ananyamula lambayo ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. "Alamu, mwaona? Ndakalambira kuvala kamisolo."

"Palibe angakuoneni," ndinatero.

"Nanga nditagwa pamsewu, anthu n'kundimasula malaya? Pa maliro anga anthu azidzabisa nkhope akuseka."

"Amuna ambiri amavala," anatero mayiyo.

"Avale. Ndipatseni wotchi."

Mayiyo sanalimbane naye. Analowetsa mu wotchiyo zaka zake, kulemera kwake ndi malire a dokotala, kuti izilira akapitirira. Anamumanga pamkono, pamwamba pang'ono pa kafupa kotulukira kaja. "Izikhala yothina chonchi, igwire khungu." Kenako anamuonetsa nambala ina. "Awa ndi makalori, kutanthauza chakudya chimene thupi lawotcha pamene mukupalasa. Koma imangoyerekeza, musaikhulupirire kwambiri."

Apa maso a Kaliyala anatseguka. "Banzi limodzi ndi makalori angati?"

Mayiyo anayang'ana pa foni yake n'kumuuza. Kaliyala anabwereza nambalayo chapansipansi. Munthu amene amaiwala kumwa mankhwala, iyi sanaiwale.

Titangotuluka panja anamasula wotchi ija, n'kuitembenuza kuti galasi likhale m'kati mwa mkono, n'kuimanga molendewera ngati chibangili. Ndi mmene a njinga za buledi onse ankavalira wotchi. Galasi m'kati kuti lisagunde kireti, komanso uone nthawi osasiya handulo. Yolendewera kuti thukuta ndi ufa zisakupatse zilonda.

"Mayi aja ati yothina," ndinatero.

"Mayi aja ananyamulapo kireti?"

Kapitawo anamasula loko. Kaliyala anayamba kupalasa m'mawa uliwonse, kutsata njira zake zakale, ndipo ulendo uliwonse unkathera pa khomo la kuseri kwa bekale. Pali benchi pamenepo, ndipo ife opuma ntchito timakhalapo kununkhiza uvuni. Ogwira ntchito a masiku ano amatidziwa. Ankatsika, kupukuta thukuta, kuyang'ana m'kati mwa mkono, n'kuwerengera pa zala.

"Lero ndawotcha mabanzi asanu. Bweretsani."

Ankabweretsa, otentha. Ankadya onse asanu, n'kukafikanso kunyumba pa mbale ya masana ngati munthu amene sanalawe kanthu.

"Alamu, mukubweza zonse zimene mwatsitsa."

"Kireti ikabwerako yopanda kanthu amaitani? Amaidzaza. Inu munali wa pa uvuni, za pamsewu zisiyeni."

Wotchiyo inkachita zake. Potsetsereka pa maenje, iye atangokhala osapalasa, inkalira kuti mtima wathamanga. Pokwera, akupuma wefuwefu, ili zii. Ndinamufunsa kuti nanga chinthu chonama choncho akuchikhulupirira bwanji.

"Pa za mtima ndi yabodza," anatero. "Pa za mabanzi imanena zoona."

Tsiku la sikelo linafika. Thupi linali litakwera. Kapitawo sanakalipe. Anangomanga njinga ku chipilala, ndipo m'mawa mwake kunabwera bambo wina wogula zinthu zakale. Anatobwanya matayala, kuliza belu, kugwedeza kaliyala uja n'kunena kuti ameneyu adzamudula, ndi wolemera chabe. Kaliyala ankaonera pa windo. Sanatuluke.

Madzulo ake anabwera kwathu wapansi. Ndinali ndisanamuonepo akulowa pa geti langa wopanda njinga. Ankayenda motangadza ngati bakha. Anakhala pansi, osalonjera n'komwe.

"Mukalankhule ndi Kapitawo uja."

"Ndikamuuze chiyani?"

"Kuti mawa tikupita kwa mayi wa kamisolo."

Ndinapita. Kapitawo anandimvetsera akusita zovala, osadzutsa mutu. "Amalume, ine sindidana ndi njinga. Ndinaika mayi anga m'manda. Sindikufuna kukatola bambo anga m'ngalande." Anatembenuza malaya. "Mwezi umodzi. Komaliza."

Ku sitolo mayi uja anagwira mkono wa Kaliyala, n'kulowetsa zala ziwiri pakati pa wotchi ndi khungu. Zinalowa bwinobwino.

"Apa imawerenga mphepo ndi maenje, osati mtima wanu."

"Ndiye mabanzi aja?"

"Mabanzi ati?"

Ndinafotokoza ine. Mayiyo anagwira pakamwa, koma anadziletsa. "Bambo, nambala ija si yokadyera. Ngakhale lambayu, pa makalori amangoyerekeza. Iye akuuzani za mtima. Za thupi muzifunsa sikelo ndi buluku lanu."

Analumikiza lambayo ku wotchi yomweyo, n'kunena kuti asanavale azinyowetsa kuseri kwake ndi timadzi. Ndinamumanga ine, kuseri kwa shelefu ya nsapato, atatukula malaya. Tinachita kuwonjezera lambayo mpaka kumapeto kuti akwane.

"Mukauza munthu, chilamu chatha," anatero.

Wotchi anaimanga pa handulo. Pamkono, mothina, anakana mpaka lero.

Pa njira yochoka kwathu kupita ku bekale pali chitunda chachitali, pamwamba pake pali thanki ya madzi. Masiku a buledi anzake onse ankatsika pamenepo n'kumakankha. Kaliyala ayi. Ankaimirira pa mapedulo, makireti akupendama uku ndi uku, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo, mpaka pa thanki. Anthu a m'magolosale ankatuluka kudzaonera. Ngakhale ndi mimba ija ankakwerabe, maso atatong'oka. Zina zonse anatha kuzisiya. Ichi ndi chimene chinamutsalira.

M'mawa woyamba wa lamba ndinali pa golosale ya pakatikati pa chitundacho. Mwini wake ndi nkhalamba inzathu, kasitomala wakale wa Kaliyala. Tinamuona akubwera m'munsi, akuyamba bwino. Asanafike n'komwe pamene tinali, tinamva kachinthu kaja: tii, tii, tii. Anaweramira pa handulo n'kupalasabe. Tii, tii, tii. Anayang'ana wotchi, anayang'ana thanki. Kenako anayang'ana kumbuyo ngati kukubwera anthu. Anaponda pansi.

Anatsika, n'kunjuta pambali pa njinga, kumagwiragwira tcheni.

Wa golosale anatuluka ndi nsanza yake m'manja. "Anthuni, Kaliyala watsika! Anulani zovala, mvula igwa lero."

"Tcheni chavuka."

"Tcheni chake chimalira tii tii?"

"Ndi cha masiku ano."

"Bwerani mukhale pa benchi, achikulire. Tonse tinatsika kalekale. Inu nokha ndi amene munachedwa."

Sanakhale. Anadikira mpaka kachinthuko katasiya kulira, anaimirira, anapukuta manja pa buluku, n'kuyamba kukankha. Anadutsa pamaso pathu osatiyang'ana. Njinga yopanda katundu, iye pambali pake, pang'onopang'ono mpaka pa thanki. Wa golosale anasiya kuseka. Anati, "Munthu ameneyu ankakwera apa ndi buledi wa mudzi wonse." Ndinati ndikudziwa, ndinkaphika ndine.

Nkhani inafika kwa Kapitawo tsiku lomwelo. Mkazi wa wa golosale amagwira naye ntchito. Madzulo anapeza bambo ake ali pakhonde, lamba atamuyanika pa mpando, atamufunditsa thaulo kuti odutsa asamuone.

"Ndamva kuti tcheni chinavuka pa thanki."

"Anthu alibe zochita."

"Mwadya mabanzi angati?"

"Limodzi. Funsa amalume ako."

Linalidi limodzi. Kapitawo anamasula tcheni chija pa chipilala, n'kulowa nacho m'nyumba pamodzi ndi loko.

"Ku sikelo sitinapite," anatero Kaliyala.

"Tidzapita. Ine ndimafuna ndidziwe ngati mungatsike pa njinga."

Mwezi utatha anapita. Thupi linali litatsika pang'ono, osati zoti n'kuimbira nthungululu, koma linatsika. Wogula zakale uja anabweranso, Kapitawo anamubweza pa geti.

Kaliyala akupalasabe. Amavala lamba wake m'bafa, chitseko chotseka. Nambala ya makalori amaiyang'anabe, n'kupukusa mutu kuti mabanzi onsewa akupita pachabe. Pa chitunda amatsika tsiku lililonse, pamalo omwewo, pafupi ndi golosale, ndipo masiku ano amakhala pa benchi kaye.