Chithunzi cha pa Firiji

Mayi akunyumba atandipempha kuti tikaone maluwa a cheri kupaki ina ku Birmingham, ndinakana. Mitengo yosabala zipatso, kukaionera chiyani? Anapita ndi akutchalitchi. Mkulu wina wakwaya anawajambula akumwetulira mmene sanandimwetulirepo chifikire ku Mangalande. Chithunzicho chinakakhala pafiriji.

Chaka chotsatira maluwa atayamba, ndinapeza kamera pamsika wa zakale ku Foleshill. Ndinanenerera, kenako n'kuchoka ngati sindikuifuna, poti ku Limbe wogulitsa amakuitananso. Uyu sanandiitane n'komwe. Ndinapirira mpaka sabata inayo, anatsitsadi, ndinagula.

Titafika kupaki, maluwa onse anali atayoyokera m'matope.

"Bambo, jambulanitu masambawo," anatero mayi.

Chithunzi chija chidakali pafiriji. Mkaka ndimatenga nditatsinzina.