Makobidi Akuda a Ackim Saulosi

Pa Amalawi onse amene ndinawadziwa ku Washington zaka zimenezo, amene sankakhazika matako pansi anali a Ackim Saulosi. Ukawaitana kudzadya ankadya choimirira, makiyi a galimoto ali m'manja. Kutchalitchi ankakhala benchi yakukhomo kuti atuluke nyimbo yomaliza isanathe. Tinkakhala m'nyumba imodzi ya mafulati ku Rockville, iwo pamwamba ine pansi, ndiye mapazi awo ndinkawamva akupita uku ndi uku pamutu panga ngati munthu amene mkazi wake ali kuchikuta.

Kwawo kunali ku Ntcheu. Anabwera mu 1972 kudzaphunzira sukulu, atasiya akazi awo, a Felistas, ali oyembekezera. Anayamba kuyendetsa takisi kuti azipezerapo fizi, takisiyo n'kuwameza, sukulu n'kuthera pomwepo. Mwana anabadwa iwo kulibe, wamkazi, dzina lake Mable. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa aitanitsa banja, ndipo ankanena moona mtima, kungoti chaka chamawacho chinali ndi miyendo.

Matenda awo anawatengera mu takisi momwemo. Mdala wina wochokera ku Rasha, potsika, anawapatsa khobidi lamkuwa lalikulu ngati chivundikiro cha botolo la mafuta odzola, lakuda bii, la m'zaka za m'ma 1700. Mbali imodzi kunali chiwombankhanga cha mitu iwiri. Wina akanaliponya mu dirowa n'kuiwala. A Saulosi anapita nalo kwa wogulitsa makobidi akale ku Wheaton, anauzidwa kuti n'lenileni koma lotchipa, la madola ochepa chabe, ndipo anatuluka m'shopumo atagula ena awiri.

Kuyambira pamenepo Loweruka silinkawapeza pakhomo. Amva kuti ku Baltimore kuli chionetsero cha makobidi, apita. Amva kuti ku Springfield akugulitsa katundu wa munthu womwalira, apita. Anachoka pa zamkuwa n'kufika pa zasiliva, zotchedwa rubulo, zokhala ndi nkhope za mafumu ndi mafumukazi a kumeneko. Kamodzi anawapusitsa pamsika wa zakale. Anagula rubulo pamtengo wozizira, akudzitama kuti atola nkhwangwa ndi mpini womwe, chonsecho ndi mtovu wopakidwa. Anadwala nazo sabata yathunthu. Atachira anagula kagalasi kokulitsa zinthu ndi kasikelo, ndipo sanapusitsidwenso. Ankandionetsa ine wosafunsa. Lenileni ukaligogoda limalira nthawi yaitali, lachinyengo limangoti phwa. Lachinyengo limakhala ndi timaenje ngati zipsera za nthomba, ndipo m'mbali mwake mumaoneka msoko pamene anaphatikiza chikombole. Pamakobidi enieni awiri ofanana, limene tsitsi la mfumukazi likuoneka lililonse palokha limaposa linzake mtengo kangapo.

Zimenezi sankazinena pagulu. Masiku amenewo kumudzi dzina la Rasha lokha linkatha kumugonetsa munthu kundende, ndipo ngakhale kuno sumadziwa kuti amene ukumwa naye tiyi makutu ake ndi a yani. Ena anayamba kunong'ona kuti a Saulosi ali ndi ndalama za Akomyunisiti. Iwo ankadandaula kuti mafumu awowa anafa Chikomyunisiti chisanabadwe, koma ndani akanamvera? Anayamba kutsekera makobidi m'kabati, pakamwanso n'kutseka.

Mu 1978 mapepala awo atalongosoka, a Felistas anabwera. Ndalama inakwana tikiti imodzi, ndiye Mable anatsala ndi azakhali ake, pomulonjeza kuti atsatira posachedwa. A Saulosi anatsegula kabati n'kuwauza akazi awo kuti tikiti ya mwana ndi imeneyi, akangogulitsa basi. Sanawauze china chilichonse, poti ankaona ngati nkhani za makobidi si za amayi.

A Felistas anali munthu wa manja osakhala. Kumudzi mapoto awo ankawakwecha mpaka kudzionerapo nkhope, ndipo tomato wawo pamsika wa pa Tsangano ankayamba kutha chifukwa ankamupukuta mmodzimmodzi. Kuno anapeza makina ochapa, makina osesa, ndi mwamuna wosapezeka. Ankatsikira kwa ine masana ndikaweruka, n'kukhala pafupi ndi zenera. Ndege ikadutsa ankasiya kulankhula mpaka phokoso lithe.

Kumayambiriro kwa 1980 siliva anakwera mtengo modabwitsa, anthu ali pamizere kugulitsa masipuni a agogo awo. Tonse tinati a Saulosi, fodya wako ndi uyo ali pamphuno, gulitsani. Iwo anati akwerabe. Sipanapite nthawi, mtengo unagwa chagada. Ndionetsetse anathetsa nkhosa. Koma ine ndinkaona kuti vuto silinali mtengo. Munthuyo sankafuna kusiyana nawo makobidi akewo, ndipo zinkandikwiyitsa.

Chaka chotsatira azakhali aja anayamba kudwaladwala, mwana n'kumajomba kusukulu kuti aziwasamalira. A Felistas analeka kupempha, anayamba kufunsa tsiku. Pofuna kuthawa funsolo, a Saulosi anawauza kuti anapita nawo ku Wheaton, koma mwini shopu uja, amenenso ankagula makobidi, akuti makobidiwo ndi akuda kwambiri, sangagulike bwino, ndi bwino kudikira. Linali bodza longonena pothawa, ali pakhomo, nsapato imodzi ili kuphazi.

Loweruka lotsatira a Felistas anandiitana kuti ndidzaone. Makiyi a kabati anali atawapeza m'thumba la jekete. Pathebulo anali atayala thaulo loyera, ndipo pathaulopo panali makobidi onse, ali waliwali. Anawanyika m'madzi a mandimu ndi soda, n'kuwakwecha ndi sitiliwulu kuyambira m'mawa, zala mpaka kusupuka. Nkhope yawo inali yowala kuposa makobidiwo. Ine mumtima munangoti myuu, pakuti ndinali nditamvapo kuti khobidi lakale salitsuka, koma ndisanatsegule pakamwa tinamva mapazi pamasitepe.

A Saulosi analowa, anayang'ana pathebulo, ndipo anakhala pansi. Kanali koyamba kuwaona atakhala pampando msana utatsamira.

"Amake Mable, mwatani?"

"Ndatsuka. Si munati akukana chifukwa ndi akuda? Pitani nawoni tsopano, mwana abwere."

"Mwawapha," anatero motsitsa. "Kuda kuja ndiye kunali mtengo wake. Nobody cleans them, nobody."

A Felistas anayang'ana zala zawo, kenako amuna awo. Anamvetsa zonse nthawi imodzi.

"Ndiye kuti simunapite nawo n'komwe," anatero. "Bambo a Mable, mafumu a eniwa mumawadziwa mpaka tsitsi. Mwana wanu mumadziwa kuti amafika pati?"

A Felistas anakulunga makobidi m'thaulo lomwelo n'kunena kuti tikupita ku Wheaton tsopano lino, ndipo ine ndipite nawo kuti pasakhalenso wowatanthauzira Chingerezi mokhota.

Wogula uja anatola limodzi, analiika pansi pa galasi lake, n'kupukusa mutu. Anationetsa timizere tosawerengeka pamasaya a mfumukazi, mmene sitiliwulu anadutsa. Anafunsa kuti wachita zimenezi ndani. A Saulosi anati ndi iwo. Apo ndinawakhululukira pang'ono, chifukwa mwanjira ina ankanena zoona. Wogulayo anati zasiliva agula pamtengo wongopitirira pang'ono kulemera kwa siliva wake, zamkuwa abwerere nazo. Zonse pamodzi sizinafike ngakhale theka la tikiti.

A Felistas sanalire. Anangoima chilili, chikwama atachigwira ndi manja awiri. A Saulosi anazungulira m'shopumo, anafika pakhomo, anabwerera, anafikanso pakhomo, kenako anatuluka. Tinawaona pazenera akusuzumira pansi pa mpando wa takisi. Anabwera ndi kapepala kopindidwa bwinobwino. Munali rubulo imodzi yakuda motuwira, yosakhudzidwa, tsitsi lililonse lili m'malo mwake. Wogula uja anaiyeza pasikelo, anayang'ana m'mbali, anaigogoda n'kumvetsera kulira kwake mpaka kutha. Mtengo umene anatchula pa khobidi limodzilo unaposa tikiti.

Ndalama inapezeka, koma m'galimoto pobwerera munalibe chimwemwe. Titaima pa maloboti a Felistas anafunsa kuti limeneli analigula liti. A Saulosi anati chaka chimene akazi awowo anabwera. A Felistas anatembenukira kuzenera. Zaka zonsezo tikiti ya mwana wawo inkayenda mumsewu, pansi pa matako a bambo ake.

Mable anafika chilimwe cha 1982. Anabwera ndi mai Anjimile a ku Springfield, amene amuna awo ankagwira ntchito ku banki ina yaikulu ku Washington. Maiwo ankachokera kutchuthi kumudzi pamodzi ndi mwana wawo Theresa, wamsinkhu wa Mable. Kubwalo la ndege la Dulles a Saulosi anatifikitsa ndege isananyamuke n'komwe ku London, ndikuganiza. Anayenda holo yonse uku ndi uku, kuwerenga bolodi, kufunsa alonda, kumasula tayi n'kumanganso.

Chitseko chitatseguka anathamanga kutisiya tonse. Anafika pa mai Anjimile, ananyamula mtsikana amene anali kutsogolo, wa diresi yofiira, n'kumukumbatira akutchula dzina la Mable mobwerezabwereza, misozi ili chuchuchu. Mtsikanayo anaumitsa thupi.

"I'm Theresa," anatero.

Mable anali kumbuyo, atagwira kachikwama ka pulasitiki, akuonerera. Chipumi chinali cha a Saulosi, makutu a a Saulosi, ngakhale kaimidwe kosinthasintha miyendo kanali kawo komwe. Aliyense pamenepo akanatha kuloza, ngakhale alonda aja. A Felistas anali atafika kale pa iye, atagwada, nkhope ataibisa pachifuwa cha mwanayo.

Mai Anjimile anaseka pofuna kuphimba manyazi, nati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Palibe anawathandiza kuseka. A Saulosi anamutsitsa Theresa pang'onopang'ono. Mable ananyonyomala monga anamuphunzitsira azakhali ake, anapereka dzanja atagwira pachigongono, n'kupereka moni ngati kwa mlendo wa pamsewu. Ine ndinawamvera chisoni bambowo.

Pobwerera ndinakhala kutsogolo, amayi ndi mwana kumbuyo. A Saulosi, amene ankayendetsa ngati akuthawa moto, tsiku limenelo ankapita pang'onopang'ono, magalimoto akutiimbira mahutala. Maso awo sanali pamsewu, anali pa kagalasi koonera kumbuyo. Ankayang'ana chipumi, n'kubwerera pamsewu, n'kuyang'ananso makutu. Mphambano ya ku Rockville, imene ankakhotapo tsiku lililonse, anaipitirira osaiona. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze, koma a Felistas anandigwira paphewa kuchokera kumbuyo. Tinangopitirira choncho, kulowera ku Bowie, mwana akuwerenga magalimoto pazenera.