Apongozi a Kochi Elia

Ku Msakambewa, kuseri kwa tchalitchi, pomwe phiri limayamba kutsetsereka kuloza kudambo, kuli bwalo la basiketibolo lopanda simenti. Ndi la dothi lozira, monga amazirira khonde la nyumba, ndipo amene akhala akulizira kwa zaka khumi ndi chimodzi ndi a Manesi Nachisale, mayi wamfupi, wa mawu ochepa, amene chibadwire sanaponyepo mpira. Ine ndine Yosefe. Ndimakonza njinga pansi pa mtengo wa mthethe pamsika, ndipo mipira yonse ya pabwalopo imapopedwa ndi pampu yanga. Nkhaniyi ndikuidziwa bwino, kuphatikizapo mbali yake imene imandichititsa manyazi.

Lachisanu lililonse, nkhungu isanachoke m'mapiri a Dowa, a Manesi amatsikira kudambo ndi ndowa kukatapa dothi lakuda. Amalikanda ndi madzi, n'kugwada pabwalo, kumata mng'alu uliwonse, kenako kusalaza ndi mwala umene anawasiyira malemu mayi awo. Ukawaonera patali nthawi imeneyo, miyendo yawo sioneka. Umangoona duku lofiira likuyenda pang'onopang'ono pamwamba pa nkhungu, ndi mkombero wachitsulo woponyeramo mpira uli lende m'mwamba ngati palibe mtengo wougwira. Dzuwa likamatentha amakhala atapita kale, ndipo anyamata akafika masana amapeza pansi pali see.

Kulawirira kumeneku kuli ndi chifukwa chake. Kochi wa pabwalopo, aphunzitsi Elia, ndi mkamwini wawo. Anachokera ku Ntchisi kudzaphunzitsa kupulayimale, masewerawa anawaphunzira kwa anzawo a ku Dzaleka, ndipo atakwatira Ulemu, mwana mmodzi yekhayo wa a Manesi, anamanga nyumba pamudzi pa mkazi monga mwa mwambo wathu. Achinyamata ambiri masiku ano amadyera mbale imodzi ndi apongozi awo, koma awiriwa ayi. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Pa zaka zonsezo sanayang'anizanepo m'maso, ndipo mawu aliwonse ankadzera mwa Ulemu.

Komatu a Manesi masewera sankaphonya. Ankakhala kuseri kwa mpanda wa nkhadze, lichero la mtedza pamiyendo, akusenda uku akusuzumira pampata. Ankati kugunda kwa mpira padothi kumawakumbutsa mitondo ya kale, pamene mudzi wonse unkasinja m'mawa, ndipo akatsinzina amamva ngati anthu onse amene anapita abweranso. Madzulo ankaitana mwana wawo n'kumutuma kwa a Elia, amene ankawatchula ndi dzina la mdzukulu wawo. Kawauze abambo a Mphatso kuti wamtali uja akudumphira mwendo umodzi, winawo ukumupweteka. Kawauze kuti wa jezi yobiriwira amaopa kupita kumanzere. A Elia ankamva, n'kukonza, timu n'kumapambana mpaka ku Mponela. Ife tinkangoti kochi wathu ali ndi maso anayi, osadziwa kuti awiriwo ali kuseri kwa nkhadze.

Chaka chatha mwezi wa Juni, mphepo ya mwera itayamba, kunamveka kuti Ziphaliwali, timu ya ku Lilongwe imene osewera ake amakhalira mpira womwewo ngati ntchito, ikufuna kochi wamkulu. Mayina anatsala awiri: mkulu wina wa ku Zambia wa masatifiketi ambirimbiri, ndi a Elia athu. Pansi pa mthethe wanga ntchito inaima. Anthu ankabwera ndi njinga zabwinobwino, kunamizira kuti tcheni chikulira, cholinga adzakhale nawo pamkangano. Alexio, wogula fodya, ankamenya chishalo n'kumati pepala siliponya mpira. Thokozani, amene amatchajitsa mafoni, ankayankha kuti ku Lilongwe amasewera pa matabwa, nthawi amawerengera pa makina, ndiye munthu wa padothi akasochera. Koma Thokozani timamudziwa, amatsutsa kuti tsiku lithe. Pansi pa mtima tonse tinkalota zofanana: dzina la Msakambewa likutchulidwa pa wailesi, ife titakwera lole kupita kukaonera, mbendera zili petupetu.

Tsiku lina mkangano uli pakati, a Manesi ankadutsa ndi thumba la chimanga kupita kuchigayo. Anaima, n'kutula thumbalo. Sanalankhulepo pagulu la amuna chiyambire, ndiye tonse tinatembenukira kwa iwo.

"Atenge wa ku Zambiayo," anatero. "Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa."

Anapitiriza modekha, akuyang'ana pansi. Anati abambo a Mphatso ndi ofatsa kwambiri, sadziwa kukalipira munthu wandevu. Anati amachedwa kusintha osewera otopa chifukwa amawamvera chisoni, ndipo timu ikatsogola amaiwala zotchinga kumbuyo. Chowawa n'chakuti zonsezo zinali zoona, ndipo palibe mwa ife amene anali ataziona. Ine magazi anandikwera. Ndinawauza pamaso pa anthu kuti imeneyo ndi nsanje, kuti sindinaonepo mpongozi wotchera mkamwini wake ndale chotere, ndi kuti za mpira azisiyira eni ake. Anandiyang'ana kanthawi, n'kusenza thumba lawo, n'kumapita.

Amene ananditsegula maso ndi mkazi wanga Tabita, ndipo sanandinyengerere. Anandifunsa ngati mutu wanga umagwira ntchito ina kupatula kusunga chipewa. A Elia akalembedwa ntchito sangapite okha. Anali atatumiza kale mawu kwa malume a Ulemu kupempha chitengwa, kuti atenge mkazi ndi ana kukakhala nawo kutauni. Malumewo anali atayankha kuti mawu omaliza ndi a mlongo wawo. Ndiye kuti a Manesi, amene amuna awo anamwalira kalekale, atsala okha pakhomo, nyumba ziwiri, munthu mmodzi. Ndinamva chisoni, ndipo ndinadzida.

Akuluakulu a Ziphaliwali analengeza kuti abwera Loweruka kudzaona a Elia akuphunzitsa pabwalo lawo lomwe. Lachitatu kunagwa kamvula kowaza, ndipo ng'ombe za munthu wina zinadutsa pabwalopo pochokera kudambo. Zinasiya mapazi okhaokha. Mpira ukagunda pansi unkathawira komwe wafuna. Lachinayi ine ndi Alexio tinapita ndi makasu ndi fosholo kukakonza, ndipo kunena zoona tinapaononga kuposa ng'ombe zija. Aliyense ankadziwa kuti pali munthu mmodzi yekha amene angapakonze, ndipo aliyense ankadziwanso kuti munthuyo akangokhala pakhonde pake osachita kanthu, mwana wake ndi adzukulu sapita kulikonse. Palibe akanawanena. Pabwalolo sanalembedwe ntchito ndi munthu.

Lachisanu ndinalawirira, sindikudziwa kuti ndinkakafunako chiyani. Nkhungu inali yokhuthala moti tchalitchi sichinkaoneka, mtanda wokha ukuyandama. Ndinamva kaye phokoso la mwala ukukhula dothi, kenako ndinaona duku lofiira lija. Anali atafika kale pakati pa bwalo, ndowa zisanu zili ndandanda, manja atachita kuuma ndi kuzizira. Ndinagwada chapatali n'kupepesa chifukwa cha mawu anga aja. Sanasiye kusalaza.

"Ndimafunabe atenge wa ku Zambiayo, a Yosefe," anatero. "Koma akamukana mwana wa eni akeyu, amukane chifukwa cha iye mwini, osati chifukwa cha dothi langa. Tengani ndowayo mukatunge madzi."

Ndinatunga madzi mpaka dzuwa linafika pamutu. Loweruka alendo atatu anafika pa galimoto yoyera. Mmodzi anagwada n'kupapasa pansi ndi chikhatho, kufunsa kuti simenti yamtundu wanji imeneyi. Mpira unkagunda n'kubwerera m'manja ngati womangidwa chingwe. Anyamata anasewera ngati akulota, ndipo a Elia, kaya anauzidwa ndi yani, anasintha wamtali uja asanatope, n'kukalipira mmodzi mokweza mpaka tonse tinadabwa. Kuseri kwa nkhadze ndinaona lichero la mtedza lili pansi, osasendedwa ndi umodzi womwe.

Patapita masabata awiri wailesi inatchula dzina la Msakambewa, monga tinkalotera, polengeza kuti Ziphaliwali zasankha a Elia. Pansi pa mthethe anthu anavina, Thokozani n'kumati iye ankadziwa kale. Malume a Ulemu anapita kwa mlongo wawo kukamva yankho la chitengwa chija, ndipo akuti a Manesi anangoti ana apite, mphepo ya kuno yawakwana.

Lole inabwera Lolemba m'mawa. Ine ndinkathandiza kukweza katundu. Zonse zitakwera, a Elia anabwerera okha, mpira wakale uli m'khwapa. Anakagwada m'mphepete mwa bwalo la nyumba, nkhope atalozetsa kunkhokwe, a Manesi ali pakhonde atafulatira. Anauika mpirawo pansi, n'kulankhula ngati akuuza nkhokweyo. Anati kumene akupitako bwalo ndi la matabwa, silifuna kuzira, koma sakudziwa kuti akaona bwanji masewera popanda maso amene akhala akuwaonera zaka zonsezi.

A Manesi anatsegula pakamwa monga mwa chizolowezi. "Ulemu, kawauze abambo a Mphatso kuti..." Anacheuka kufuna mwana wawo. Ulemu anali atakwera kale lole, Mphatso ali pamiyendo, injini ikulira kumsewu. Panalibenso womutuma.

Kenako anatembenuka thupi lonse, n'kumuyang'ana mkamwini wawo m'maso, koyamba pa zaka khumi ndi chimodzi.

"Elia, mwana wanga, mukatsogola musamaiwale kumbuyo," anatero. "Pa Khirisimasi mubwere nawo ana. Bwalo mudzalipeza lozira."